Zitsulo zachilendo: mzere wowongoka umene ukuwasowetsa tulo asayansi

Pali galafu ina imene yawazunguza mutu akatswiri a fizikisi kwa zaka pafupifupi 40 tsopano, ndipo mukaiona koyamba simungaone vuto lililonse, ndi mzere wowongoka basi. Mbali yapansi kuli kutentha, mbali yammwamba kuli resistance, ndiye kuti mmene chinthu chikukanira kuti magetsi adutse, nde mukamatenthetsa chitsulocho resistance ikukwera mofanana sitepe ndi sitepe, mukamachiziziritsa ikutsika pa mzere womwewo osakhota ngakhale pang'ono. Mwana wa pulayimale akhoza kuujambula ndi lula. Koma kunena chifukwa chake ukuwongoka chonchi, mpaka lero palibe amene wapereka yankho loti anzake onse nkuvomera. Zitsulo zimene zimapanga zimenezi anazipatsa dzina loti strange metals, zitsulo zachilendo, ndipo ndikufuna ndifotokoze kuti chachilendo chake nchiyani kwenikweni chifukwa nkhaniyi imakhudza funso limene ambirife timaliona ngati linatha kalekale, loti kodi mu waya chimene chimayenda nchiyani.

Tiyambe ndi waya wamba wa kopa. Mu 1900, patangopita zaka zitatu J. J. Thomson atapeza electron, Paul Drude wa ku Germany ananena kuti mu chitsulo muli ma electron omasuka amene amangouluka uku ndi uku, mukalumikiza batire amayamba kukankhidwira mbali imodzi koma panjira amagunda zinthu nkutaya liwiro, kugundako nde resistance. Ganizoli ndi losavuta ndipo mpaka pano ndi limene lili mmabuku a sukulu. Kenako quantum mechanics, fizikisi ya tinthu tating'onoting'ono ngati ma atomu ndi ma electron, itabwera, Felix Bloch mu 1928 anaonetsa chinthu chodabwitsa, kuti ma atomu akakhala pa mizere yawo bwinobwino osasuntha, electron imadutsa pakati pawo ngati funde osagunda kanthu. Ndiye chimene chimaitchinga si ma atomu eni ake ayi, koma chilichonse chimene chasokoneza dongosolo lawo: tizinyalala tamtundu wina tolowerera mchitsulomo, komanso kunjenjemera kwa ma atomu chifukwa cha kutentha, kumene amakutcha ma phonon. Mu kopa pa kutentha kwa mchipinda electron imayenda ma nanomita ngati 40 isanagundidwe (nanomita imodzi ndi mita kuigawa ka biliyoni), pomwe atomu ndi inzake zatalikirana pafupifupi kotala la nanomita, ndiye kuti imadutsa ma atomu oposa 100 ili phee.

Apa ndinene za muyeso wa kutentha chifukwa tiugwiritsa ntchito kwambiri. Asayansi amawerenga mu kelvin, chidule chake K, pamene 0 K ndi -273 digiri Celsius, kuzizira kothera, ndipo mchipinda wamba muli pafupifupi 300 K.

Tsono mukamaziziritsa kopa, resistance imatsika pa mzere wowongoka kwa kanthawi ndithu, izi sizachilendo, ndi ma phonon amene akuchepa. Koma mukafika pansi pa ma kelvin makumi angapo ma atomu amakhala ngati agona, kunjenjemera kumatha msanga, mzere uja umapinda nkugwa mofulumira, mbali ya ma phonon imatsika ngati T⁵, T akuimira kutentha, ndiye kuti T × T × T × T × T. Zikatero chimene chatsala ndi tizinyalala tija, tomwe sitisamala za kutentha, ndi kugundana kwa ma electron okhaokha.

Kugundana kwa okhaokhaku nkumene kuli mtima wa nkhani yonse. Ganizirani, mu kachidutswa ka kopa ka sentimita imodzi mbali zonse muli ma electron omasuka pafupifupi 8 yotsatiridwa ndi ma ziro 22, onse ali ndi chaji yofanana ndipo amakankhana mwamphamvu, nde munthu ukhoza kufunsa kuti zingatheke bwanji kuti Drude awatenge ngati aliyense akuyenda payekha nkupezabe mayankho oyandikira zoona? Amene anamasula mfundoyi ndi Lev Landau wa ku Soviet Union mu 1956 ndi 1957, chiphunzitso chake chimatchedwa Fermi liquid. Iye anati electron ikamayenda mkati mwa anzake imawakankha ena nkukoka ena, ndipo chimene chikuyenda si electron yokha koma electron pamodzi ndi chisokonezo chimene yanyamula mozungulira. Mtolo umenewu amautcha quasiparticle. Ili ndi chaji ya electron imodzi, imangosiyana kulemera, ndipo chofunika kwambiri nchakuti imakhala nthawi yaitali isanasweke, moti ukhoza kuiwerenga ngati chinthu chimodzi.

Chifukwa chake imakhalitsa ndi lamulo la Pauli loti ma electron awiri sangakhale pa malo amodzi a mphamvu. Tayerekezani holo yodzadza thothotho, mipando yonse yakhalidwa kupatula mizere ingapo kumapeto. Munthu wapakati ngakhale akankhidwe alibe kopita. Okhawo amene ali mmphepete pafupi ndi mipando yopanda anthu ndi amene angasunthe, ndipo kutentha ndi kumene kumakulitsa kampata kameneka. Kuti ma electron awiri agundane zenizeni pafunika mwayi kawiri, mnzake wogundana naye akhale wa mmphepete momwemo komanso pakhale malo opanda kanthu oti agwere, mwayi uliwonse ukukula ngati T, nde mukachulukitsa mupeza T kuchulukitsa T. Ndiye lamulo la chitsulo chabwinobwino likuti kukazizira kwambiri resistance yochokera ku ma electron okhaokha iyende ngati T², mukachepetsa kutentha ndi theka iyo igwe kanayi, pa galafu ioneke yokhota ngati mbale osati yowongoka. Izi zayezedwa mu zitsulo zambirimbiri ndipo zimagwira, ngakhale mu zitsulo zina zotchedwa heavy fermion mmene quasiparticle imalemera ka 100 kapena ka 1000 kuposa electron wamba, T² imapezekabe. Chiphunzitso cha Landau ndi cholimba zedi, nchifukwa chake chikalephera anthu amadzidzimuka.

Chinalephera mu 1986. Georg Bednorz ndi Alex Müller a ku labu ya IBM kufupi ndi Zurich anapeza kuti chinthu china chopangidwa ndi lanthanum, barium, kopa ndi okosijeni chimasanduka superconductor, resistance kufika ziro yeniyeni, pa kutentha kwa ma kelvin oposa 30, zimene zinali zisanaonekepo. Chaka chotsatira analandira mphoto ya Nobel, ndipo chaka chomwecho gulu la Paul Chu ndi Maw-Kuen Wu ku America linapeza china cha mtundu womwewo, YBCO, chofika 93 K, pamwamba pa 77 K pomwe nitrogen imakhala yamadzi. Dziko lonse linathamangira ku superconductivity, zomveka, koma amene ankayeza zinthuzi anayamba kuona kuti pamwamba pa malo amene resistance imagwera ku ziro pali china chosamveka. Mu 1987 Michael Gurvitch ndi Anthony Fiory a ku Bell Labs anatenthetsa imodzi mwa ma cuprate, dzina la zinthu za kopa ndi okosijeni zimenezi, yokhala ndi lanthanum ndi strontium, mpaka 1100 K, mzere unangopitirira kuwongoka. Mu 1990 anthu a ku Bell Labs komweko anayeza ina ya bismuth imene superconductivity yake imayamba pokhapokha kukazizira kwambiri, anapeza mzere wowongoka kuchokera 7 K mpaka 700 K. Kutentha kwasintha ka 100, mzere osapinda.

Ma cuprate si zitsulo zonga zimene mumazidziwa, ndi zinthu zakuda zophwanyika ngati dongo lowotcha, ndipo magetsi amayenda mu timapepala topyapyala ta ma atomu a kopa ndi okosijeni tosanjikizana. Chinthu choyambirira chake, musanathiremo kanthu, sichidutsa magetsi nkomwe ngakhale kuti malinga ndi masamu wamba chimayenera kukhala chitsulo. Pa atomu ya kopa iliyonse pali electron imodzi yoti ikanatha kuyenda, koma kuti isamukire pa atomu yoyandikana iyenera kukakhala ndi inzake imene ili kale pamenepo, ndipo kukankhana kwake nkwakukulu moti aliyense amangokhala pamalo pake, msewu wadzadza galimoto palibe ikusuntha. Zoterezi zimatchedwa Mott insulator, dzina la Nevill Mott wa ku Britain amene anazifotokoza kuyambira pa nickel oxide. Mukachotsako ma electron ena, mwachitsanzo posinthanitsa lanthanum wina ndi strontium, mipata imatseguka zinthu nkuyamba kuyenda, koma kuyenda kwa electron iliyonse kukudalira kuti anzake onse oyandikana nawo akutani. Mawu oti strongly correlated akutanthauza zimenezi, palibe amene akuyenda mwa iye yekha. Ndipo pamene mwachotsa pafupifupi 16 pa ma atomu a kopa 100 aliwonse, pomwe superconductivity imafika pachimake, mpamenenso mzere uja umawongoka kwambiri.

Mzerewu ndi wolakwika kumapeto onse awiri, ndipo kulakwa kwake nkosiyana.

Kumunsi kozizira taona kale, ma phonon agona ndiye sangakhale chifukwa, ma electron okhaokha amayenera kupereka T². Wina akhoza kunena kuti mwina mzere ukanapinda kutsogoloko koma superconductivity ikubisa, nde asayansi anachita kuipha superconductivity ndi maginito amphamvu koopsa kuti aone pansi pake. Gulu la Nigel Hussey linachita izi mu 2009 ndi maginito ophulika kwa kamphindi kochepa, gulu la Louis Taillefer ku Sherbrooke ku Canada linachitanso pa cuprate ina chaka chomwecho, ndipo mbali yowongoka ija inapezeka ikupitirirabe mpaka kufupi ndi kelvin imodzi kapena ziwiri. Ngati kugundana kukuchuluka ngati T osati T², ndiye kuti kusatsimikizika kwa mphamvu ya quasiparticle nkofanana kukula ndi mphamvu yake yomwe, mwachidule imasweka isanamalize nkomwe kugwedezeka kamodzi ngati funde. Chinthu chotere mungachitchule kuti chilipo?

Kumtunda kotentha vuto ndi lina. Mukamatenthetsa chitsulo mtunda umene electron imayenda isanagundidwe umafupika, koma sungafupike mpaka kalekale, ukafika pa mpata wa atomu imodzi ndi inzake basi mwafika pakhoma, chifukwa electron singagundidwe kawiri isanachoke pa atomu imodzi kufika pa ina. Malire amenewa amatchedwa Mott-Ioffe-Regel, Abram Ioffe ndi Anatoli Regel anawatchula mu 1960. Ndipo zitsulo zambiri zimawamvera, mwachitsanzo Nb3Sn, mu 1976 Zachary Fisk ndi George Webb anaonetsa kuti resistance yake ikayandikira pamenepo imagonja nkuyamba kuyenda chogona. Ma cuprate amafika pakhoma lomwelo nkungodutsa ngati palibe, osasintha nkomwe kupendekeka kwa mzere. Victor Emery ndi Steven Kivelson mu 1995 anazitcha bad metals. Ine chimene chimandigwira mtima apa si kudutsa khomako kokha ayi, koma kuti kupendekeka kumakhala komweko kuyambira kozizira mpaka kotentha. Pakati pa 10 K ndi 1000 K pali zinthu zambiri zimene zimadzuka ndi kugona mkati mwa chinthucho, ma phonon amitundumitundu, maginito a ma atomu, zonsezi zili ndi kutentha kwake kumene zimayambira, ndipo chilichonse chimayenera kusiya kachizindikiro pa galafu, kakhonde kapena kabondo. Palibe. Zikukhala ngati resistance siikusamala kuti chikugunda ma electron nchiyani.

Mfundo imeneyi ndi imene inabala ganizo lotchuka kwambiri pa nkhaniyi. Ngati zamkati mwa chinthucho zilibe ntchito, chatsala nchiyani choti chiike nthawi ya pakati pa kugundana? Kutentha kokha, ndi manambala awiri a chilengedwe, la Planck ndi la Boltzmann. Mukatenga la Planck nkuligawa ndi la Boltzmann kuchulukitsa T mumapeza nthawi, ħ/kT, imene pa 300 K ndi ma femtosecond pafupifupi 25, femtosecond imodzi ndi sekondi kuigawa ka 1 yotsatiridwa ndi ma ziro 15. Jan Zaanen wa ku Leiden mu 2004 anaipatsa dzina loti Planckian, ndipo ganizo lake linali loti mwina iyi ndi nthawi yaifupi kwambiri imene quantum mechanics imalola kuti gulu la tinthu ligawane mphamvu nkuisandutsa kutentha, ngati malire a liwiro. Poti nthawiyi imafupika molingana ndi T, resistance ikwera molingana ndi T, mzere wowongoka uja wapezeka.

Mu 2013 Jan Bruin, Andrew Mackenzie ndi anzawo ku St Andrews ku Scotland anatenga zitsulo zosiyanasiyana zokhala ndi mzere wowongoka, kuyambira Sr3Ru2O7 imene ankaifufuza, ma heavy fermion, ma cuprate, zina za organic, nkuwerengera nthawi ya kugundana pa chilichonse. Resistance zake zimasiyana kutalitali, kulemera kwa ma electron kumasiyana ka 100 kapena kuposa, koma nthawi ija inatuluka pafupi ndi ħ/kT pa zonse, kusiyana kwake kosaposa kawiri kapena apo. Mu 2019 Anaëlle Legros ndi gulu la Taillefer anapeza zomwezo pa ma cuprate angapo, ndipo mu 2021 Gaël Grissonnanche ndi Brad Ramshaw wa ku Cornell anayeza mwa njira ina, potembenuza maginito mozungulira kristalo, nkupeza kuti kugundana kumene kumakula ndi T ndi kwa Planckian komanso nkofanana mbali iliyonse imene electron ikulowera.

Koma pano mpofunika kusamala, ndipo ndikuona kuti ambiri olemba za nkhaniyi amalumpha mbali imeneyi. Pa mndandanda wa 2013 uja panalinso kopa wamba, golide, siliva, pa kutentha kwa mchipinda, ndipo nazonso zinagwera pa mzere womwewo wa Planckian. Kopa si wachilendo, tikudziwa bwino kuti ndi ma phonon amene akumupatsa mzere wake. Nde kupeza nambala yoyandikira 1 pakokha si umboni woti mwapeza fizikisi yatsopano, mwina pali chifukwa chakuya chimene chikumanga zonse pamodzi kuphatikizapo kopa, mwinanso nzongochitika kuti manambala agwirizana. Komanso kuti mutulutse nthawi ya kugundana kuchokera mu resistance mumagwiritsa ntchito masamu a Drude aja, muyenera kusankha kulemera kwa electron ndi kuchuluka kwake, kutanthauza kuti mukugwiritsa ntchito chithunzi cha quasiparticle pofuna kuonetsa kuti quasiparticle kulibe. Palibenso amene watsimikiza ndi masamu kuti malire amenewa ndi lamulo la resistance. Ine ndimaiona Planckian ngati mapazi amene tawapeza pa dothi, akuloza kwinakwake ndithu, koma nyama yake sitinaione.

Zachilendo sizikuthera pa mzerewo. Mukaika maginito pambali pa chitsulo chimene chikudutsa magetsi, ma electron amakhotera mbali imodzi, ichi ndi chimene Edwin Hall anapeza mu 1879. Mu chitsulo wamba kukhotaku ndi resistance zimalamulidwa ndi nthawi imodzi yomweyo ya kugundana, nzomveka poti electron ndi yomweyo. Mu 1991 gulu la Phuan Ong ku Princeton linayeza YBCO nkupeza kuti resistance ikutsatira T koma ngodya ya Hall, muyeso wa kukhota kuja, ikutsatira T², ngati kuti chinthu chimodzi chili ndi mawotchi awiri, ina ya kupita kutsogolo ina ya kukhota. Philip Anderson, amene analandira Nobel mu 1977 limodzi ndi Mott, anatenga izi ngati umboni woti electron yagawika pawiri mkatimo, mbali ya chaji ndi mbali ya spin, kamaginito kake ka electron, ena sanavomere, mkangano ulipobe. Ndipo mu 2018 Paula Giraldo-Gallo ndi anzake anakweza maginito mpaka ma tesla 80 pa cuprate ya lanthanum, makina a MRI a mchipatala amakhala 1.5 kapena 3, anapeza kuti resistance ikukweranso pa mzere wowongoka ndi mphamvu ya maginito, pomwe chitsulo wamba chimayamba ndi kukhota. Kutentha ndi maginito zikuoneka ngati zikulowa pakhomo limodzi.

Chachilendochi chikanakhala cha ma cuprate okha bwenzi tikuti ndi khalidwe la kopa ndi okosijeni. Koma chimapezeka mu YbRh2Si2, heavy fermion imene zonse zimachitika pansi penipeni pa kuzizira, maginito ake amkati amafola pa 0.07 K. Chimapezeka mu ma superconductor a ayironi monga BaFe2As2 yothiridwa phosphorus. Chinapezekanso mu graphene, timapepala tiwiri ta kaboni tochindikala atomu imodzi, tosanjikizidwa mopotoza ndi madigiri 1.1, chimene gulu la Pablo Jarillo-Herrero ku MIT linaonetsa mu 2018 kuti chimasanduka superconductor, mulibe kopa, mulibe okosijeni, kaboni yekhayekha, koma mzere uja ulipo. Pali ngakhale vanadium dioxide imene imasanduka chitsulo pa madigiri 67 kapena 68 Celsius, mu 2017 ofufuza a ku Berkeley anapeza kuti ma electron ake amanyamula kutentha kochepa pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi zimene lamulo lakale la Wiedemann ndi Franz la 1853 limanena, magetsi akudutsa koma kutentha sikukutsagana nawo mmene zimakhalira chonyamula chikakhala chimodzi.

Zambiri mwa izi zili ndi chofanana china. Zili pa malire a makhalidwe awiri, mwachitsanzo pakati pa kukhala ndi maginito ofola ndi kusakhala nawo, ndipo mukasintha pang'ono zothiramo kapena kupanikiza kapena maginito akunja mukhoza kukankhira kusinthako mpaka pa 0 K penipeni. Malo amenewo amatchedwa quantum critical point. Pamenepo chinthucho chimalephera kusankha mbali, chimagwedezeka pa misinkhu yonse nthawi imodzi, zazing'ono ndi zazikulu, ndipo palibe muyeso wina wa mphamvu umene watsala kupatula kutentha. Izi zikugwirizana bwino ndi nthawi ya Planckian. Vuto nlakuti masamu akale a malo oterewa, a John Hertz mu 1976 ndi Andrew Millis mu 1993, nthawi zambiri satulutsa mzere wowongoka mu resistance, komanso mu ma cuprate mzerewo umaoneka pa dera lonse la zothiramo osati pa kadontho kamodzi. Pali chinanso chovuta chimene anthu amaiwala, ma electron awiri akagundana okhaokha liwiro lawo lonse pamodzi silitayika, uyu wataya uyo watola, magetsi akupitabe. Kuti pakhale resistance liwirolo liyenera kutayidwa ku ma atomu kapena ku tizinyalala. Ndiye sikokwanira kunena kuti ma electron akusokonezana mwachangu, muyenera kuonetsanso njira imene liwiro likutulukira, ndipo ziphunzitso zambiri zokongola zimagwera pamenepa.

Zoyesa kufotokoza zilipo zambiri, nditchulepo zochepa. Mu 1989 Chandra Varma ndi anzake anayi analemba za marginal Fermi liquid, mmene quasiparticle ili pamphepete penipeni pa kufa, zimagwirizana ndi zoyezedwa zambiri koma anachita kuganizira mtundu wa kugwedezeka kofunikako osati kuutulutsa kuchokera pansi. Ena anatenga masamu a string theory, kuchokera pa zimene Juan Maldacena anapeza mu 1997, oti gulu la tinthu tolumikizana mwamphamvu likhoza kuwerengedwa ngati black hole, malo okoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikutulukamo, mu dziko la masamu lokhala ndi mbali imodzi yowonjezera, ndipo chochititsa chidwi nchakuti black hole nayo imabwerera mmalo mwake ikasokonezedwa pa nthawi yomweyo ya ħ/kT. Izi sizikutanthauza kuti mu kristalo muli black hole ayi, masamu ake ndi amene akufanana. Palinso model ya Subir Sachdev ndi Jinwu Ye ya 1993 imene Alexei Kitaev anaikonzanso mu 2015, pano imatchedwa SYK, mmene electron iliyonse imalumikizana ndi ina iliyonse mwachisawawa, ubwino wake ngoti imatheka kuisova ndipo mulibe quasiparticle ngakhale imodzi. Kuchokera pamenepo Aavishkar Patel, Haoyu Guo, Ilya Esterlis ndi Sachdev mu 2023 anatulutsa chiphunzitso choti mzere wowongoka umabadwa pakaphatikizana zinthu ziwiri, kugwedezeka kwa pa critical point ndi kusalingana kwa mphamvu ya kugundana malo ndi malo mu kristalo. Chimandikopa chifukwa chimayankha funso la kotayira liwiro lija mwachindunji, koma amene amapanga makristalo oyera kwambiri amafunsa kuti nanga bwanji mzere umaonekanso mu zoyerazo ndi kupendekeka kofananako.

Kuyeza kumene ine ndimakuona kuti kunafika pafupi kwambiri ndi funso lenileni kunatuluka kumapeto kwa 2023. Mvula ikamagwa padenga la malata mumamva madontho, ndipo kuchokera ku phokosolo mukhoza kudziwa kuti madzi akubwera mtimagulu ndi kukula kwa dontho lililonse, koma madzi omwewo akamayenderera ngati mtsinje wosalala phokoso la madontho kulibe. Magetsi nawo ali ndi phokoso lotere, shot noise, Walter Schottky analifotokoza mu 1918, limabwera chifukwa chaji imadutsa imodziimodzi. Mu kawaya kakafupi ka chitsulo wamba phokosoli limadziwika kukula kwake, ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a phokoso lonse limene madontho odziyendera okha angapange. Gulu la Doug Natelson ku Rice University ku Texas, ndi Liyang Chen amene anali wophunzira wake, linasema timawaya tating'onoting'ono kuchokera ku YbRh2Si2 imene gulu la Silke Paschen linakuza ku Vienna, nkuyeza phokoso. Pa kawaya ka golide koyerekezera anapeza gawo limodzi mwa atatu lija monga mwa buku. Pa chitsulo chachilendo phokoso linali lotsika kwambiri. Magetsi akudutsa, koma madontho sakumveka bwino. Ena abwera ndi mafotokozedwe ena a kuchepa kwa phokosoku amene safuna kupha quasiparticle kotheratu, ndipo nkoyenera kuti ayesedwe pa zitsulo zina, komabe aka kanali koyamba kufunsa chitsulo chachilendo mwachindunji kuti kodi chaji yako imayenda mtimagulu kapena ayi.

Nanga nchifukwa chiyani anthu akuthera moyo wawo wonse pa mzere umodzi? Mbali ina ndi ulemu wa fizikisi yomwe, chiphunzitso cha zitsulo ndi maziko a zamagetsi zonse zimene tili nazo ndipo apa chaonetsa malire ake. Koma mbali yaikulu ndi superconductivity. Chiphunzitso cha Bardeen, Cooper ndi Schrieffer cha 1957, chimene chimafotokoza bwino mercury amene Kamerlingh Onnes anamuona akutaya resistance pa 4.2 K ku Leiden mu 1911, chimayamba ndi ma quasiparticle abwinobwino amene amagwirana awiriawiri. Mu ma cuprate, amene ena mwa iwo amafika 133 K popanda kuwapanikiza, superconductivity imatuluka mu chitsulo chimene ma quasiparticle ake ndi okayikitsa, ndiye akugwirana awiriawiriwo ndani? Zoyeza za kuwala kochotsa ma electron mu kristalo zimaonetsa zinthu mozondoka, pamwamba pa kutentha kosinthira, kumene superconductivity imayambira, chizindikiro cha electron chimakhala chofufutika, pansi pake mpamene chimathwa, ngati kuti quasiparticle ikubadwa pamodzi ndi superconductivity mmalo moitsogolera.

Ndipo ziwirizi zimayendera limodzi moonekeratu. Mukapitiriza kuthira zothiramo mu cuprate kupyola pachimake paja, kutentha kosinthira kumayamba kutsika, ndipo mbali yowongoka ya resistance nayo imachepa mofanana, izi zaonekanso mu ma superconductor a organic ndi a ayironi, ndipo mu 2022 gulu lina la ku Beijing linaziyeza mwatsatanetsatane pa cuprate ya lanthanum ndi cerium nkupeza ubale wa masamu pakati pa ziwirizi. Mukathira mpaka mzere wowongoka utatheratu, T² ya Landau imabwerera, ma quasiparticle ali bwinobwino, chitsulo chakhala wamba ngati cha mbuku, ndipo pa malo omwewo superconductivity nayo yazimiririka.